Pulogalamu yanga inaiwala kuti woliza chitoliro amapuma

Mayi aja anayang'ana tsamba loyamba, n'kutembenuza lachiwiri, lachitatu, osanena kanthu. Chitoliro chinali pamiyendo pawo, sanachinyamule n'komwe. Atafika pa tsamba lachinayi anatulutsa pensulo m'chikwama n'kuyamba kuwerenga mabala, tizigawo tomwe nyimbo yolembedwa imagawidwamo, ndi nsonga yake, milomo ikugwedera. Kenako anandisuzumira pamwamba pa magalasi awo.

"Achimwene, apapa ndipuma nthawi yanji?"

Ndinangoti kakasi. Anandilozera. Kuchokera pa bala 31 mpaka bala 52 manoti anangondandana popanda mpata ngakhale umodzi. Pa liwiro lomwe ndinalemba pamwamba pa tsamba, amenewo anali masekondi 44 a kuuzira osalekeza.

"Ndiye pali G uyu wa pansi pa C wapakati. Ameneyu mukampatse wa vayolini. Changachi chimathera pa C. Kodi mwalemba ndinu kapena kompyuta?"

Ndinati tathandizana. Iwo anati, "Ndiye mukaiuze kuti ine ndili ndi mapapo."

Nyimbo imeneyo inanditengera miyezi itatu, ndipo pa laputopu inkamveka bwinobwino, poti chitoliro cha mu pulogalamu sichibanika. Ndifotokoze momwe ndinafikira pamenepo, chifukwa ndikudziwa kuti alipo ena amene masamu ankawakomera kusukulu, piyano anaiphunzira atakula ngati ine, ndipo pano akukhulupirira kuti akangopeza fomula yabwino iwapekera nyimbo.

Amene anandikola ine anali Iannis Xenakis. Munthuyu anaphunzira uinjiniya ku Athens, anathawira ku Paris mu 1947, n'kukagwira ntchito mu ofesi ya Le Corbusier, katswiri wojambula mapulani a nyumba. Ankawerengetsera za konkire kwinaku akupeka nyimbo. Mu Pithoprakta, yomwe anamaliza mu 1956, anatenga masamu omwe asayansi amafotokozera kathamangidwe ka tizigawo ta mpweya, n'kuwagwiritsa ntchito pogawira manoti anthu 46 oliza zida za nsambo, aliyense ndi mzere wakewake. Pofika 1962 anali akuwerengetsa nyimbo pa kompyuta ya IBM 7090. Nditamva zimenezi ndinati basi, njira ndi imeneyi, masamu akazama nyimbo nayo izama.

Pulogalamu yanga yoyamba, yolembedwa m'chilankhulo cha makompyuta cha Python, inali ya mizere yosakwana 20. Inkatola nambala mwamaere pakati pa 36 ndi 96 n'kuisandutsa noti. Kwa amene simunazolowere MIDI, njira yomwe kompyuta imalembera manoti, noti iliyonse imakhala nambala: 60 ndi C wapakati, 61 ndi batani lakuda loyandikana naye, 69 ndi A wa 440 Hz, kutanthauza liwu lonjenjemera ka 440 pa sekondi. Kutalika kwa noti nakonso kunali kwa maere. Usiku umodzi ndinatulutsa mafayilo 50. Ndikayang'ana manambala, palibe awiri ofanana. Ndikamvetsera, onse 50 anali chinthu chimodzi, mphaka akuyenda pa kiyibodi.

Chomwe sindinachione pa Xenakis n'chakuti iye sankaponya maere pa chilichonse. Ankayamba wasankha yekha maonekedwe a chinthu chonse: apa manoti athithikane, apa atalikirane, gulu lonse likwere pamodzi kenako libalalike. Maere ankangodzaza za mkati. Mwiniwake ankapereka chitsanzo cha mvula kapena matalala akugwa pa chinthu cholimba. Mukamamva mvula pa malata simuwerenga madontho, koma mumadziwa ikayamba kuwaza, ikalimba, ndi pomwe ikufuna kukata. Ine ndinali nditapanga madontho popanda mvula.

Nditatopa ndi maere ndinalowa m'njira ya wopeka nyimbo Arnold Schoenberg, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Mumandandalika manoti onse 12 a mu octave (kuchoka pa do kufika pa do wotsatira), osabwerera ku noti mpaka anzake onse atamveka. Mindandanda yotheka ilipo 479,001,600, ndipo uliwonse mungautembenuze chadodolido, kuuyambira kumapeto, kapena zonse ziwiri, n'kuuyambitsa pa noti iliyonse mwa 12 aja, zomwe zimakupatsani mitundu 48. Ndinadzaza kope lonse ndi matebulo. Zomwe ndinatulutsamo sizinali zoipa kwenikweni, zinali zongolondola basi, ngati homuweki yochongedwa bwino yomwe ngakhale mwiniwake safuna kuiwerenganso. Njirayo sindikuinyoza. Alban Berg ndi Anton Webern anali ophunzira a Schoenberg yemweyo, ankatsata lamulo limodzi, koma nyimbo zawo n'zosiyana kutalitali, kusonyeza kuti lamulolo silipeka lokha. Chomwe ndinatsala nacho mpaka lero ndi masamu a wotchi. C ndi 0, C sharp ndi 1, mpaka B pa 11, ndipo mukapyola 11 mumabwerera pa 0 monga muvi wa wotchi. Kukweza nyimbo kumangokhala kuphatikiza: A ndi 9, wonjezerani 5 mupeza 14, chotsani 12 yatsala 2, ameneyo ndi D. Kutembenuza chadodolido ndi kuchotsa nambalayo pa 12. Amene mukulemba mapulogalamu, izi zokha zikuchepetserani ntchito kwambiri.

Za pi ndi manambala a Fibonacci ndingodutsapo. Ndinayesa kusandutsa 3.14159 ndi manambala otsatira kukhala manoti. Zimakoma pokhapokha mutawatsekera mu sikelo yomwe ndi yokoma kale, ndiye kukomako ndi kwa sikelo. Nambala ya pa lisiti ikanachita chimodzimodzi. Zija amati pachimake pa nyimbo pazikhala pa 0.618 ya utali wake, pa nyimbo ya mphindi 5 pamenepo ndi pa sekondi ya 185, ndipo palibe womvera amene amakhala atagwira wotchi. Phindu lomwe ndinapezapo ndi limodzi: zinandiletsa kufika pachimake msanga, matenda anga akalekale.

Chomwe chinanditulutsa m'tchire chinali masamu a kupulayimale, LCM ija tinkaiona ngati chilango. Ndinali ndi kanyimbo ka pakompyuta, ka ng'oma, besi ndi timabelu, ndipo kankatopetsa isanathe mphindi. Magawo ake onse anali obwerezabwereza, a timabokosi 4, 8 kapena 16 ta mu sequencer, pulogalamu yoyalira manoti motsatira nthawi. Pa 120 BPM, kutanthauza kugunda 120 pa mphindi, kabokosi kamodzi ndi 0.125 ya sekondi, ndiye timabokosi 16 ndi masekondi awiri. Masekondi awiri aliwonse zonse zinkakumana poyambira, khutu n'kuloweza, n'kugona. Tsiku lina ndinalakwitsa pokopera, gawo la timabelu linatsala ndi timabokosi 15. Ndinalisiya likulira uku ndikukonza zina, ndiye ndinangomva kuti chinthu chija chayamba kuyenda. Timabelu tinkagwa pena nthawi iliyonse, tikutsogola ng'oma pang'onopang'ono. 15 ndi 16 zimakumananso pakatha timabokosi 240, masekondi 30.

Ndinatseka laputopu n'kutenga pepala. 6 ndi 8 zimakumana pa 24, osati pa 48, chifukwa zonse zimagawika ndi 2. 5 ndi 7 zimakumana pa 35. Mukaikapo gawo lachitatu la 11, zikumana pa 385, masekondi 48. Gawo lachinayi la 13 limakankhira kukumanako pa 5,005, kutanthauza mphindi zoposa 10 chinthu chisanabwereze ndendende, chonsecho inu mwadzaza timabokosi 36 tokha. Manambala omwe palibe nambala ina yowagawa onse kupatula 1 ndi amene amachedwa kukumana.

Ndinadziyesa wotulukira kwa sabata imodzi. Kenako ndinapeza kuti wopeka nyimbo wa ku France Olivier Messiaen anachita zomwezi ali mkaidi wa nkhondo ku Görlitz. M'gawo loyamba la Quatuor pour la fin du temps, yomwe inaimbidwa koyamba mu kampu ya akaidi mu Januwale 1941, piyano imabwereza ma chord (manoti angapo olira pamodzi) 29 pamwamba pa kagundidwe ka manoti 17. Kuti ziwirizi zikumanenso poyambira pangafunike ma chord 493, ndipo gawolo limatha zikadali kutali. Nayenso sanali woyamba, chifukwa opeka a ku France a m'zaka za m'ma 1300, monga Guillaume de Machaut, ankayendetsa kale mndandanda wa manoti ndi mndandanda wa kagundidwe mosiyana utali. Steve Reich anafika pa zofanana mu 1965 kudzera m'matepi awiri a mawu omwewo, ina ikuthamanga pang'ono kuposa inzake. Clapping Music yake ya mu 1972 ndi ya anthu awiri owomba m'manja basi: kagundidwe ka timabokosi 12, mmodzi sasintha, winayo amasuntha kabokosi kamodzi pakapita kanthawi, mpaka atazungulira n'kudzampeza mnzake. Yesani ndi mnzanu, muona kuti kuuma mutu kwa amene sasinthayo ndi ntchito yovuta kuposa ya wosunthayo.

Pali zinthu ziwiri zomwe palibe anandichenjeza. Nditakondwa ndinaunjika magawo 7, onse a utali wosiyana, ndipo ndinabwerera ku mphaka uja. Zonse zikamayenda, khutu limasowa poponda. Pano ndimasiya chimodzi chili chilili, kawirikawiri ng'oma yaikulu pa 4 kapena 16, ndipo zoyendayenda sizipyola ziwiri kapena zitatu. Chachiwiri ndi chomwe chinandipweteka kwambiri. Magawo a 5 ndi 7 akamazungulira, noti iliyonse ya gawo loyamba idzakumana ndi noti iliyonse ya gawo lachiwiri, palibe yothawa inzake. Ngati pali manoti awiri omwe sagwirizana, adzagundana ndithu, mwina pa sekondi yachinayi, mwina pa mphindi yachisanu ndi chiwiri inu mutasiya kale kumvetsera n'kutumiza fayilo kwa anthu. Ndiye mwina sankhani manoti ochepa omwe amalolerana onse, monga do, re, mi, so ndi la, kapena lembani tebulo la kukumana konse n'kuona ngati kugundanako mukukufuna. Nthawi zina ndimakufuna. Koma ndizidziwa kuti kukubwera.

Funso lotsatira linali lakuti mkati mwa timabokosi tija ng'oma izigunda pati. Mu 2005 Godfried Toussaint, katswiri wa sayansi ya makompyuta pa McGill University ku Montreal, anasonyeza kuti mukamwaza kugunda motalikirana mofanana momwe zingathekere, mumatulukira pa kagundidwe komwe anthu a m'mayiko ambiri akhala akuimba kuyambira kale. Njira yake ndi yapachibale ndi ya Euclid yopezera HCF, ya zaka zoposa 2,000 zapitazo. Tengani kugunda 3 mu timabokosi 8. 8 sagawika ndi 3, ndiye mipata imakhala 3, 3, 2. Ku Cuba amati tresillo, ndipo mukakawomba m'manja mudzakazindikira nthawi yomweyo, kali m'nyimbo zovina zosawerengeka. Kupeza kwake sikufuna kompyuta. Gundani pa kabokosi koyamba muli pa 0. Pa kabokosi kalikonse wonjezerani 3. Mukafika pa 8 kapena kupyola, gundani n'kuchotsa 8. Ziyenda motere: 0 gunda, 3, 6, 9 gunda yatsala 1, 4, 7, 10 gunda yatsala 2, 5, kenako 8 ndiye mwabwerera poyambira.

Chomwe chinandisowetsa tulo ndi kugunda 7 mu timabokosi 12. Mukayambira pamalo ena ake, mipata imakhala 2, 2, 1, 2, 2, 2, 1. Kameneka ndi kagundidwe ka belu komwe kamatsogolera ng'oma zambiri za ku West Africa, monga za Aewe ku Ghana. Tsopano khalani pa kiyibodi muwerenge masitepi kuchoka pa do kupita pa re, mi, fa, so, la, ti, do: 2, 2, 1, 2, 2, 2, 1. Manambala omwewo, kwina akuyala nthawi, kwina akuyala kukwera kwa mawu. Sindikufuna kumangapo chiphunzitso, koma ndinakhala ndikuwomba m'manja ndekha m'chipinda mpaka wa khomo loyandikana anagogoda khoma.

Mapulogalamu ambiri ali nazo kale. Mu Sonic Pi mumalemba spread(3, 8), mu TidalCycles ndi bd(3,8). Koma samalani pawiri. Poyambira pamasintha zonse: 3, 3, 2 ndi 3, 2, 3 ndi mipata yomweyo koma thupi limazimva mosiyana, ndiye yesani poyambira ponse musanasankhe. Ndipo si kagundidwe kokoma konse komwe kamatuluka mu Euclid. Son clave ya ku Cuba ndi 3, 3, 4, 2, 4, pomwe kumwaza 5 mu 16 mofanana kumapereka 3, 3, 3, 3, 4. Clave imakoma chifukwa cha kupendekeka komwe fomulayo ikanakuwongola. Ovina analipo masamuwa asanawafotokoze, ndipo ena sanalowemo mpaka lero.

Patapita nthawi ndinabwerera ku maere, koma tsopano maere okumbukira. Vuto la pulogalamu yoyamba ija linali lakuti noti iliyonse inkabadwa yosadziwa inzake yapitayo. Ndinasintha kuti isamatole noti, izitola sitepi kuchoka pomwe ili. Pa maulendo 10, ka 6 ipite ku noti yoyandikana, katatu idumphe imodzi, kamodzi kokha ilumphe patali, ndipo ikalumpha patali sitepi yotsatira ibwerere chakumbuyo, monga amachitira munthu woimba ndi pakamwa. Manambala amenewa ndi anga, ndinawapeza poyesayesa, inu mupeze anu. Kungosintha kumeneku mphaka uja anasanduka munthu wong'ung'udza nyimbo akusesa. Sinali nyimbo yeniyeni, koma munali zotola.

Sitepi yoposa apa ndi ya Andrey Markov, katswiri wa masamu wa ku Russia, yemwe mu 1913 anawerenga zilembo 20,000 za ndakatulo ya Pushkin kuti aone kuti chilembo chamtundu wanji chimakonda kutsatira chamtundu wanji. Lejaren Hiller ndi Leonard Isaacson anagwiritsa ntchito ganizo limeneli mu Illiac Suite ya mu 1957, pa University of Illinois. Ine ndinadyetsa pulogalamu timanyimbo tanga takale kuti iwerenge kuti pambuyo pa mi ndimakonda kupita kuti. Ikamakumbukira noti imodzi yokha imayendayenda ngati woledzera. Ikamakumbukira ziwiri imamveka ngati ine tsiku lomwe mutu uli bwino. Ikafika pa zinayi imangondibwezera nyimbo zanga zomwe, chifukwa zomwe ndinaipatsa zinali zochepa. Muzikumbukira zimenezi ngati mwaidyetsa nyimbo za anthu ena, mungadzadabwe mwini wake atazizindikira.

Apa ndinene chinthu chomwe mpaka lero chimandiwawa. Usiku wina pulogalamu inatulutsa mzere wa masekondi pafupifupi 20 womwe unandiimitsa tsitsi. Ndinaumvetsera kawiri. Ndinati ndingosintha liwiro pang'ono, ndinadina kuti iyambenso, ndipo fayilo yatsopano inafufuta yakale. Mzere uja unapita. Ndinayendetsa pulogalamu maulendo osawerengeka mpaka mbandakucha, sunabwerere. Maere a kompyuta si maere enieni, amachokera pa nambala yoyambira yotchedwa seed, ndipo seed yomweyo imabala manambala omwewo nthawi zonse. Ine sindinaiike, ndiye Python inkasankha yake mwakachetechete. Mzere umodzi, random.seed ndi nambala yomwe mwasankha, ukanandipulumutsa. Pano dzina la fayilo iliyonse limakhala ndi seed yake, ndipo palibe fayilo yolembedwa pamwamba pa inzake. Sonic Pi imakutetezani yokha pa zimenezi, imabwereza maere omwewo mpaka inu mutasintha seed.

Masamu ena ali m'kati mwa liwu lenilenilo. Octave ndi 2 kwa 1: A wa 440 Hz, wapamwamba pake ndi 880. Do mpaka so weniweni ndi 3 kwa 2, do mpaka mi ndi 5 kwa 4. Vuto n'lakuti mukakwera do mpaka so ka 12 motsatizana muyenera kufika pa noti yomwe munayambira, ma octave 7 pamwamba, koma masamu amakana: mbali ina mupeza 129.75, mbali ina 128. Pothawa vutoli piyano imagawa octave m'masitepi 12 ofanana, iliyonse kuchulukitsa ndi 1.05946. So wake amatsika pang'ono zedi moti simungamve, koma mi wake amakwera ndi pafupifupi magawo 14 pa 100 a sitepi imodzi. Nditatchuna synth yanga, chida chopangira mawu ndi magetsi, pa 5 kwa 4 weniweni, chord inangoti zii, bata lomwe sindinalimvepo pa kiyibodi. Tsiku lotsatira ndinaikapo piyano pamwamba, ndipo panayamba kumveka wawawawa. Ndinasintha mawaya, ndinasintha mahedifoni, ndinatsala pang'ono kutsegula sipika. Chonsecho E wa synth anali pa 327.03 Hz, E wa piyano pa 329.63 Hz. Mawu awiri oyandikana chonchi amaphethira mofanana ndi kusiyana kwawo, apa ka 2.6 pa sekondi. Nditazindikira ndinayamba kuchitira dala. 220 Hz ndi 222 Hz zimaphethira kawiri pa sekondi, ndipo kawiri pa sekondi ndi 120 BPM. Mumapeza kugunda kofewa komwe kakuyenda limodzi ndi ng'oma popanda ng'oma.

Kugawana kwa manambala komweku ndi komwe kumalamulira FM, njira yopangira mawu yomwe John Chowning anatulukira ku Stanford mu 1967, n'kudzatchuka ndi Yamaha DX7 mu 1983. Liwu limodzi limagwedeza linzake mothamanga kwambiri. Awiriwo akakhala 1 kwa 1 kapena 1 kwa 2 mumamva ngati lipenga kapena limba. Ikani 1 kwa 1.41, mumva belu kapena chitsulo. Ndinataya masabata ndikupotokola mabatani mwachimbulimbuli ndisanadziwe kuti funso loyamba ndi limodzi: nambalayo ndi yathunthu kapena ili ndi chotsalira?

Kwa mayi a chitoliro aja ndinabwererako patatha masabata asanu. Nyimbo ndinaiyambiranso. Mzere wa chitoliro unali wa manoti 7 oyenda pamwamba pa kagundidwe ka 11, ndiye umazungulira pakatha manoti 77, ndipo pansi pake panali kuphethira kwa 220 ndi 222 kuja ndi timabelu ta 5 mu 8. Mu pulogalamu ndinaikamo malamulo omwe palibe buku la masamu linandiuza. Noti isatsike kupyola 60. Pasadutse masekondi 8 popanda popumira. Chitoliro chikakhala m'munsi, komwe mawu ake ndi ofooka, zamagetsi zitsike zisachikwirire. Lachitatulo anandiuza ndi iwo pa foni, ine sindikanaliganiza.

Ulendo uno chitoliro anachinyamula. Anaimba kuyambira poyamba mpaka pamapeto, kenako pensulo ija inatulukanso. Analemba malo atatu. Pa noti ya 31 anafuna kutsika m'malo mokwera. Pa noti ya 58 anajambula kachizindikiro koti aigwire nthawi yaitali n'kupuma pambuyo pake. Noti yomaliza anaifufuta.

"Mayi, pa 58 pamenepo mukachedwa, 7 ndi 11 sizikumananso pamapeto. Kuwerengetsa konse kusokonekera."

"Akuwerengayo ndani?" anatero. "Takhalani pansi mumve."

Anaimba mbali imeneyo kawiri, koyamba monga ndinalembera, kachiwiri monga ankafunira. Koyamba mzere unadutsa pa 58 ngati basi yosaima pa siteji. Kachiwiri unaima, chitoliro chinatha mawu, kuphethira kwa pansi kuja kunamveka kokha kwa kamphindi, ndipo atayambanso manoti omwe aja anamveka ngati akuyankha funso. Ndinavomera. Za noti yomaliza ndinavomeranso, nyimbo imathera m'malere ndipo ndi bwino choncho. Koma pa 31 ndinakana. Kukwera kumene kuja kunali kosayembekezereka, chinthu chomwe dzanja langa kapena lawo silikanalemba, ndipo ndi chifukwa chake ndinapita ku masamu poyamba. Tinakanganapo pang'ono. Anakuimba katatu, nkhope atakwinya, kenako anati, "Chabwino, kameneka kasiyeni. Kakuluma, koma kasiyeni."

Nditafika kunyumba ndinatsegula pulogalamu kuti ndiikemo zosinthazo. Panalibe njira yaulemu yochitira zimenezi, fomula sinkazidziwa. Ndinangolemba pamanja kuti ikafika pa noti ya 58 italikitse n'kuika mpata, ikafika pa 77 isalize. Pambali pa mzere wa 58 ndinaikapo ndemanga yondikumbutsa ndikadzatsegulanso fayiloyo chaka china: apa mayi akupuma.